Kupekera Piyano Yokha: Ntchito ya Woimba Wachinyamata kwa Changata

Nyimbo ya piyano yokha ndi nyimbo yoimbidwa ndi munthu mmodzi pa chida chimodzi, popanda mawu apakamwa, ng'oma, gitala kapena kwaya yomuchirikiza. Chilichonse chimene womvera akuyembekezera, kaya ndi chuni, kugunda kwa nyimbo, besi kapena mawu othirira mang'ombe, chimayenera kutuluka m'zala khumi basi. Ku Malawi nyimbo zotere n'zosowa. Nyimbo zambiri za m'dziko muno zimakhala ndi mawu ndipo zimafuna anthu: wina ayambitse, ena avomere, ena aombe m'manja, ena avine. Wachinyamata amene wasankha kupekera piyano yokha amakhala atadzisenzetsa ntchito ya bwalo lonse.

Kwa Changata, m'boma la Thyolo, kumene midzi idathithikana m'mphepete mwa maesiteti a tiyi, wachinyamata wotere kawirikawiri sayambira pa piyano yeniyeni. Amayambira kutchalitchi, pa kiyibodi ya makiyi 61 ya Yamaha kapena Casio imene akhristu adasonkherana kugula. Njira yakutchalitchiyi ndi yakale. Zida za makiyi zidabwera kuno ndi amishoni, ndipo chimene anthu adayamba kuchidziwa chinali limba lopopa ndi mapazi loperekezera nyimbo zauzimu. Mishoni ngati ya Malamulo ku Makwasa, imene a Seventh-day Adventist adayamba kugwirapo ntchito mu 1902, zidazoloweretsa anthu kuimba kwa mawu anayi, sopulano, alito, tena ndi besi, ndiponso kuwerenga chuni m'zilembo za tonic sol-fa, zija za d, r, m, f, s, l, t. Mabuku monga Nyimbo za Mulungu ndi Khristu mu Nyimbo adalera makutu a mibadwo ingapo. Ngakhale nyimbo ya fuko, imene Michael Sauka adapeka n'kusankhidwa mu 1964, imayenda m'njira yomweyi ya kwaya.

Piyano yeniyeni ndi chida china ndithu. Woyamba kuipanga anali Bartolomeo Cristofori, amene ankagwira ntchito ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700. Ya masiku ano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo m'mimba mwake muli nsambo zachitsulo zoposa 200 zokungidwa zolimba pa felemu yachitsulo. Munthu akadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya wotsendereza kamamenya nsambo n'kubwerera nthawi yomweyo. Akanyamula chala, kachidutswa kena kaubweya kamagwera pa nsamboyo n'kuiletsa kulira. Kudina mwamphamvu kumatulutsa liwu lalikulu, kudina mofatsa kumatulutsa laling'ono. Koma chofunika kwambiri kwa wopeka n'chakuti liwu la piyano limayamba kuzilala pamene langotuluka kumene. Limba limagwira liwu malinga ngati chala chili pa kiyi, ndipo woimba pakamwa amatha kulikuza liwu kapena kulipinda pochoka pa lina kupita pa lina. Piyano siitero. Ndi chida chomenya, m'bale wake wa ng'oma ndi mangolongondo, ngakhale anthu ambiri amaiona ngati mng'ono wake wa limba.

Nyengo ya ku Thyolo siikomera piyano. Mvula yochuluka imene tiyi amaikonda, pamodzi ndi chiperoni cha miyezi yozizira, zimatupitsa thabwa lokuza mawu la mkati mwake, makiyi amayamba kumata, ndipo dzuwa la mu Okutobala likafika thabwalo limaumanso n'kusokoneza machunidwe. Njenjete zimadya ubweya wa tinyundo, makoswe amamanga zisa mkati. Piyano imafuna mmisiri woichuna kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo amisiri otere m'dziko muno ndi owerengeka. N'chifukwa chake opeka ambiri achinyamata amagwira ntchito yawo yonse pa kiyibodi, imene mdani wake wamkulu ndi kuthima kwa magetsi, ndipo batire kapena sola zimathetsa vutolo.

Kiyibodi nayo ili ndi misampha yake. Ili ndi batani loimba ng'oma ndi besi palokha, moti dzanja lamanzere limangogwira ma chord n'kumadikira. Ili ndi batani lina losuntha nyimbo kuikweza kapena kuitsitsa, ndipo chifukwa cha batani limeneli oimba ena amatha zaka akuimba nyimbo zonse mu kiyi imodzi yokha. Pa mapemphero zimenezi zimathandiza, palibe wotsutsa. Koma wofuna kupekera piyano yokha ayenera kuyamba wazimitsa mabatani onsewo, kusiya liwu la piyano lokha, n'kumva mmene chipinda chakhalira zii. Dzanja lamanzere limene lidazolowera ulesi ndilo limayamba kuvutika, ndipo limatenga miyezi kuti lizitha kudziyendera lokha. Makiyi a kiyibodi wamba ndi opepukanso, ndipo ndi ochepa ndi 27 poyerekeza ndi a piyano, choncho nyimbo yopekedwa pamenepo imakonda kuunjikana pakati, osafika kumawu akuya kwenikweni kapena akuthwa kwenikweni.

Pa nkhani ya zopekera, Thyolo si boma losauka. Alhomwe, amene ambiri adachokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 n'kudzagwira ntchito m'maesiteti pansi pa thangata, adabwera ndi magule awo. Tchopa, amene amavinidwa pokondwerera zokolola kapena ulenje wabwino ndi popereka nsembe kwa mizimu ya makolo, amaimbidwa ndi ng'oma zitatu zosiyana kukula, ndipo mu 2014 bungwe la UNESCO lidamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Amang'anja ali ndi nyimbo zawo zapamtondo ndi zapamaliro. Pali bangwe, amene munthu mmodzi amaimba yekha akudziyankha ndi mawu ake. Pali mangolongondo, matabwa oyalidwa pa mathunthu a nthochi, amene anthu awiri amaimba moyang'anizana, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya. Ndipo pali Allan Namoko, woimba wosaona wa m'boma lomweli, amene ndi banjo yake ndi gulu la Chimvu River Jazz Band adaimba m'Chilhomwe ndi m'Chichewa mpaka imfa yake mu 1995. Mwana wa kwa Changata amakula akumva zina mwa zimenezi osadziwa kuti akuphunzira. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri akakhala pa kiyibodi amaziiwala dala, n'kumakatsanzira tinyimbo tofewa ta pa YouTube timene timamveka chimodzimodzi kaya wopeka wake ali ku Seoul kapena ku London.

Kupeka kumayamba ndi kanthu kakang'ono. Kangakhale kachuni ka mawu anayi kapena asanu, kamenyedwe ka ng'oma imodzi ya tchopa, kapena mmene mayi amaitanira mwana kutsidya la dambo. Wothyola tiyi satenga nthambi yonse, amatenga masamba awiri ndi kansonga. Wopekanso amatenga kochepa kamene kali ndi moyo n'kusiya zotsalazo. Oyamba kumene amalakwitsa pamenepa: m'nyimbo ya mphindi zitatu amathiramo maganizo khumi, lililonse lokoma, koma womvera sapeza choti agwire. Kanthu kamodzi kokhoza kubwerezedwa, kutembenuzidwa, kutalikitsidwa ndi kufupikitsidwa ndiko kamabala nyimbo yathunthu. Foni ndi yothandiza pa nthawi imeneyi, chifukwa kachuni kobwera m'mutu munthu ali panjira kamathawa msanga ngati sikajambulidwa.

Ntchito yaikulu ili pa kugawira manja. Njira yophweka, imene oimba akutchalitchi amaidziwa kale, ndi yakuti dzanja lamanja liziimba chuni pamene lamanzere likugwira ma chord. Njirayi si yoipa, koma imawononga theka la mphamvu za piyano. Magule ambiri a m'chigawo chino cha Africa amayenda pa mzungulo wa tizigawo 12 tofanana. Tizigawoti tingagawidwe panayi, titatutitatu, kapena patatu, tinayitinayi, kapenanso tiwiritiwiri. Pabwalo mapazi a ovina amatha kutsata kagawidwe kena pamene oomba m'manja akutsata kena, ndipo kukoma kwa gule kumachokera pa kukangana kwa ziwirizo. Pa piyano munthu mmodzi ayenera kunyamula zonse. Dzanja lamanzere likamenya pa 1, 4, 7 ndi 10, lamanja n'kumamenya pa 1, 5 ndi 9, manjawo amakumana pa 1 pokha, kwinako lililonse likuyenda njira yake. Kuwerenga n'kosavuta, kuchita n'kwina: masiku oyamba dzanja limodzi limakoka linzake, mpaka thupi litazolowera kumva mzungulo wonse ngati chinthu chimodzi. Amene adavinapo tchopa kapena kuimba ng'oma ali mwana amafulumira, chifukwa thupi lawo lidadziwa kale. Chotsala n'kuphunzitsa zala.

Maimbidwe a mangolongondo amaperekanso njira ina. Dzanja lililonse limapatsidwa kachuni kake kafupi kobwerezabwereza, ndipo mawu a dzanja lina amagwera m'mipata ya linzake. Zikathamanga, khutu silimvanso manja awiri koma tinyimbo tina tatsopano, kena kumwamba, kena pansi, timene palibe dzanja limene likutiimba palokha. Akatswiri a maimbidwe a mu Africa, monga Gerhard Kubik amene adagwira ntchito zaka zambiri ndi banja la a Kachamba ku Chileka, adalemba zambiri za chodabwitsa chimenechi. Kwa wopekera piyano ndi chuma chachikulu, chifukwa chimathetsa vuto lija la liwu lozilala msanga: nyimbo siidalira liwu lalitali koma timawu tambiri tolukanalukana.

Machunidwe ndiwo sagonjetseka kwathunthu. Piyano imagawa mtunda wa pakati pa do wapansi ndi do wapamwamba m'masitepe 12 ofanana, ndipo woimba sangawasunthe. Valimba, chida cha matabwa omenya cha Asena ndi Amang'anja a m'Chigwa cha Shire, kungotsika mapiri a Thyolo, amagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 pafupifupi ofanana, kotero kuti sitepe yake imodzi imaposa kiyi imodzi ya piyano koma siikwana makiyi awiri. Mawu ake ambiri amagwera pamalo pamene piyano ilibe kiyi. Bangwe naye mwini wake amamuchuna mogwirizana ndi khosi lake. Tsono chuni chotengedwa kumeneko chikaikidwa pa piyano chimasintha, ndipo chikavekedwa ma chord atatu akutchalitchi a do, fa ndi so chimangosanduka nyimbo ya kwaya. Opeka ochenjera amapeza njira zozembera. Ena amachotsa liwu lapakati la chord n'kusiya mawu awiri otalikirana, monga do ndi so kapena do ndi fa, amene amamveka mwapululu ngati kuimba kwa kumudzi. Ena amamenya makiyi awiri oyandikana nthawi imodzi kuti khutu limve ngati liwu lapakati pawo. Ena amapekera pa makiyi akuda okhaokha, amene amapereka masitepe asanu ofanana ndi a nyimbo zambiri zakale. Palibe njira imene imabweza valimba weniweni, ndipo wopeka wanzeru savutika kuyesa kumukopera. Amatenga kayendedwe kake n'kulola piyano ilankhule m'liwu lake.

Kusowa kwa mawu apakamwa kuli ndi zotsatira zake. Chichewa ndi Chilhomwe ndi zilankhulo zimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo, ndipo opeka akale ankalola chuni kutsata mmene chiganizo chimakwerera ndi kutsika polankhula. N'chifukwa chake nyimbo zambiri za kuno zimayambira pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa mzere. Wopekera piyano angathe kusunga khalidwe limeneli ngakhale mawuwo palibe. Ena amayamba ndi chiganizo chimene amachinena chamumtima, n'kutengapo kukwera, kutsika ndi kutalika kwa maphatikizo ake, kenako n'kutaya mawuwo. Womvera wa kuno amazindikira kuti chuni chikulankhula kwawo ngakhale sangathe kunena kuti chikuti chiyani. Kuyambitsa ndi kuvomera kumachitikanso mosavuta: liwu limodzi lakuthwa liyambitse kumanja, mawu atatu kapena anayi olemera avomere kumanzere, ndipo ovomera alowe woyambitsa asanamalize, monga zimachitikira pabwalo.

Pamakhalanso funso la kutalika ndi kamangidwe. Gule amatha pamene ovina atopa kapena mwambo watha; nyimbo ya banjo imazungulira pa ma chord omwewo pamene mawu akusintha. Piyano yokha ilibe ovina kapena nkhani yogwira womvera, choncho kubwereza kopanda kusintha kumatopetsa msanga. Wopeka amasunga mzungulo koma n'kumasintha china chake pa ulendo uliwonse: kukweza chuni kumawu akuthwa, kuchipereka ku dzanja lamanzere, kuchulukitsa timawu, kusamukira ku kiyi ina, kapena kuchotsa zonse n'kusiya besi yekha. Ambiri amayamba ndi kamangidwe ka zigawo zitatu, choyamba, chosiyana nacho, kenako choyamba chija chitasinthidwa pang'ono. Pedulo yakumanja, imene imalola nsambo kulirabe chala chitachoka, imafuna kusamala, chifukwa ikapondedwa mosalekeza imasakaniza timawu tonse tolukana tija n'kukhala phokoso limodzi.

Nyimbo yosalembedwa imakhala m'zala za mwini wake yekha. Tonic sol-fa imakwanira pa chuni cha kwaya, koma imalephera pamene manja awiri akumenya mawu asanu ndi limodzi nthawi imodzi m'kagawidwe kosiyana. Apa pamafunika malembedwe a mizere isanu, gulu lina la mizere la dzanja lamanja, lina la lamanzere. Kuwaphunzira kumatenga nthawi, koma pulogalamu yaulere ya pakompyuta ngati MuseScore imalola munthu kulemba n'kumva pomwepo zimene walemba. Kulemba kumaululanso malo ofooka, chifukwa pamene zala zinkangodutsa mwachizolowezi, pepala limafunsa kuti liwu lenileni ndi liti ndipo litalike bwanji.

Wachinyamata wa kwa Changata sali yekha pa ntchitoyi. Akin Euba wa ku Nigeria, amene adabadwa mu 1935 n'kumwalira mu 2020, adatchukitsa ganizo lotchedwa African pianism, lakuti piyano ingagwire ntchito ya ng'oma ndi zida zina zomenya za mu Africa, ndipo nyimbo zake za Scenes from Traditional Life za mu 1970 zimaonetsa zimenezo. J. H. Kwabena Nketia wa ku Ghana adapeka Volta Fantasy, ndipo Joshua Uzoigwe wa ku Nigeria adapeka Talking Drums. Abdullah Ibrahim wa ku Cape Town, amene adakulira m'tchalitchi cha AME, adasakaniza nyimbo zauzimu, marabi ndi jazz, ndipo chimbale chake cha African Piano chidajambulidwa mu 1969 iye akuimba yekha. Emahoy Tsegué-Maryam Guèbrou, sisitere wa mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia amene adamwalira ku Jerusalem mu 2023 ali ndi zaka 99, adapeka nyimbo zofatsa za piyano zoyenda pa masitepe asanu a kwawo, ndipo dziko lidamudziwa kwenikweni atakalamba kale. Woimba piyano William Chapman Nyaho adasonkhanitsa nyimbo zambiri zotere m'mabuku asanu a Piano Music of Africa and the African Diaspora, oyambira pa zophweka mpaka zovuta. Ofuna kumva mmene makolo ankaimbira bangwe, kalimba ndi valimba ali ndi zimene Hugh Tracey adajambula ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, zosungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa.

Malo ophunzirira alipo ngakhale ndi ochepa. Ku Ndata, m'boma la Thyolo lomwelo, kuli Malawi University of Science and Technology, imene idatsegulidwa mu 2014, ndipo sukulu yake ya Bingu School of Culture and Heritage imaphunzitsa digiri ya African Musicology. University of Malawi ku Zomba yakhala ikuphunzitsa maimbidwe kwa zaka zambiri, ndipo ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy. Komabe maphunziro oyamba a ambiri amakhala kwa mtsogoleri wa kwaya, kwa woimba kiyibodi wamkulu wa pampingo, ndi kwa akuluakulu a ng'oma a m'mudzi, amene ayenera kufikiridwa mwaulemu, makamaka pa nyimbo zansembe zimene si zonse zoyenera kutuluka pabwalo la mwambo.

Nyimbo ikatha pamabwera nkhani ya umwini. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito ya wopeka moyo wake wonse ndi zaka 50 iye atamwalira. Bungwe la Copyright Society of Malawi, COSOMA, lomwe lidayamba mu 1992, limalembetsa opeka ndi nyimbo zawo ndipo limatolera ndalama kwa mawailesi ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbozo. Nyimbo zamakolo zili ndi chitetezo chakechake: lamulo limaika umwini wake m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, choncho kutenga nyimbo ya tchopa yathunthu n'kuitcha yako n'kosiyana ndi kupeka yatsopano pa kamenyedwe ka ng'oma zake. Chuni cha Namoko nacho chili ndi eni ake.

Omvera oyamba a nyimbo ya piyano yokha kawirikawiri amakhala a mumpingo, pa nthawi ya chopereka kapena mapemphero asanayambe, pamene anthu adazolowera kale kumva chida chopanda mawu. Kuchokera apo pali maukwati, zisudzo za pawailesi ndi mafilimu, amene opanga ake amafuna nyimbo zoika pansi pa zokambirana za ochita sewero. Pojambula, kulumikiza kiyibodi ku kompyuta ndi chingwe kumapereka mawu oyera kuposa kuika foni pafupi ndi sipika, ndipo kompyutayo ingathe kusunga kiyi iliyonse imene yadinidwa ndi mphamvu yake, kuti nyimboyo idzaimbidwenso ndi liwu la piyano yaikulu pa situdiyo ya ku Blantyre kapena ku Limbe. Pepala lolembedwa bwino limalola woimba wina, amene sadafikepo ku Thyolo, kuimba nyimboyo pa piyano ya makiyi onse 88.